Tifunseni: Za bungwe la akatswiri a zakuthambo la ku London

Akulu, ine ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Dedza kuno. Ana anga a folomu 3 anaona zilembo zoti FRAS kumapeto kwa dzina la munthu amene analemba buku lina lathu ndiye anandifunsa tanthauzo lake. Ndinawauza kuti ndi membala wa Royal Astronomical Society, koma atandifunsanso kuti bungwelo limapanga chani kwenikweni, ndinangoti tikambirana mawa. Ndithandizeni mawalo lisanafike. Kodi ndi iwo amene ali ndi matelesikopu akuluakulu aja?

Aphunzitsi, ayi, telesikopu yaikulu yopangira kafukufuku alibe, ndipo anthu ambiri pamenepa amadabwa. Matelesikopu akuluakulu amakhala m'manja mwa maboma ndi mayunivesite, pamwamba pa mapiri a ku Chile, ku Hawaii, kaya ku Sutherland ku South Africa uko. Bungwe ili lili pakati pa tauni ya London, mu nyumba yotchedwa Burlington House pa msewu wa Piccadilly, komwe lakhala kuyambira 1874, malo oti usiku magetsi ali ngwee moti nyenyezi mungoziwerenga ndi zala. Chimene ali nacho ndi holo yamisonkhano, laibulale ya mabuku akalekale, ndi magazini a kafukufuku. Basi. Koma musazipeputse.

Chiyambi chake chinali chakudya chamadzulo. Pa 12 January 1820 azibambo 14 anakumana pa malo odyera ndi kumwera otchedwa Freemasons' Tavern ku London nkugwirizana zoyambitsa bungwe, lomwe poyamba ankalitcha Astronomical Society of London. Ambiri mwa iwo sanali olembedwa ntchito yoyang'ana kumwamba ayi. Francis Baily anali munthu wa bizinesi pa msika wa masheya, William Pearson anali m'busa komanso mwini sukulu, John Herschel ndi Charles Babbage anali anyamata a masamu osafika nkomwe zaka 30. Chimene chinkawanyansa ndi manambala olakwika. Nthawi imeneyo oyendetsa sitima zapanyanja ankadalira buku la Nautical Almanac, lomwe linkanena pamene mwezi ndi nyenyezi zikhale tsiku lililonse, ndiye woyendetsa akayeza kumwamba nkuyerekeza ndi bukulo amadziwa kuti ali pati pakati pa nyanja. Bukulo linali litayamba kudzaza ndi zolakwika, ndipo nambala imodzi yolakwika imatha kukatula sitima pa miyala. Bungwelo linavutitsa boma mpaka bukulo linakonzedwa, ndipo lokonzedwalo linayamba ndi la chaka cha 1834.

Koma asanafike kumeneko panali kaduka. Joseph Banks, amene anali pulezidenti wa Royal Society, bungwe lalikulu la sayansi yonse, ankaona ngati ana awa akufuna kumugawira ufumu wake, ndiye Duke of Somerset amene anali atavomera kale kukhala pulezidenti woyamba anabwerera m'mbuyo posafuna kukhumudwitsa mnzakeyo. Mpando unadzapita kwa William Herschel, bambo ake a John, amene anatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781, koma anali atakalamba kwambiri moti anangobwereketsa dzina chabe, ndipo anamwalira mu 1822. Mawu oti Royal anabwera mu 1831 mfumu William IV itawapatsa chikalata chachifumu.

Tsono anawo muwauze kuti ntchito yaikulu ya bungweli ndi kuyesa zonena za anzawo. Munthu akati ndapeza chakuti, amalemba pepala lofotokoza mmene wayezera ndi masamu ake onse, pepalalo limapita kwa katswiri wina amene amalisanthula kufuna pomwe lalakwika, likapulumuka ndi pomwe limasindikizidwa mu Monthly Notices of the Royal Astronomical Society, magazini imene yakhala ikutuluka kuyambira 1827 ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse pa nkhani za kuthambo. Zili ngati pa bwalo la amfumu, pamene munthu sungangoti munda uwu ndi wanga anthu nkuwomba m'manja, uyenera kusonyeza malire ndi mboni, ndipo wotsutsa naye amapatsidwa mpata. Kupatula apo amapereka mamendulo, amathandiza ndi ndalama ofufuza achinyamata, amakonza msonkhano waukulu wapachaka wotchedwa National Astronomy Meeting, komanso amalankhula ndi boma la Britain likafuna kudula bajeti ya sayansi. Mendulo yagolide yoyamba, mu 1824, inapita kwa Johann Encke wa ku Germany ndi Babbage uja, ndipo Babbage anailandira chifukwa cha makina owerengetsera masamu amene ankapanga, omwe anthu lero amawatenga ngati agogo ake a kompyuta. Ana a folomu 3 ameneyu amusangalalira.

Kodi anthu amenewa ndi omwe amalemba zija za Aries, Leo, Virgo zoti sabata ino upeza ndalama kapena chibwenzi? Nanga mnzanga wina ku Joni akuti anagulira mkazi wake nyenyezi pa intaneti ndipo anamupatsa satifiketi, ndi zoona? (Wowerenga wa ku Ndirande)

Achimwene, zoyambazo ayi ndithu, mukakanena zimenezo mu holo yawo akuyang'anani ndi diso lofiira. Zolosera mwayi zija ndi malonda ena, sizidutsa pa kuyesedwa kulikonse. Za satifiketizo, mnzanuyo anagula pepala lokongola basi. Ngakhale Royal Astronomical Society yeniyeniyo ilibe mphamvu yopatsa nyenyezi dzina. Amene amavomereza maina a zinthu zakuthambo ndi International Astronomical Union, bungwe la maiko onse lomwe linayamba mu 1919, lomwe lija linachotsa Pluto pa mndandanda wa mapulaneti pa msonkhano wa ku Prague mu 2006, ndipo iwo sagulitsa dzina kwa munthu aliyense. Koma musakamuuze mlamu wanuyo, asiyeni asangalale.

Ndikuphunzira physics chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo m'kalasi mwathu atsikana tilipo ochepa kwambiri. Ndinamva kuti mabungwe akale a sayansiwa ankakana akazi. Nalonso ili linkatero?

Achemwali, linkatero, kwa zaka pafupifupi 100, ndipo mmene linkachitira ndi zomvetsa manyazi chifukwa silinkakana kuti akazi akudziwa ntchito. Taonani nkhani ya Caroline Herschel, mlongo wake wa William uja. Mayi ameneyu anatulukira nyenyezi za mchira 8, anakhala zaka zambiri akulemba usiku ndi usiku zimene mchimwene wake ankaona pa telesikopu nkumazichitira masamu kukacha, ndipo atakalamba anasanja bwinobwino mndandanda wa tinthu tooneka ngati timitambo kuthambo tokwana pafupifupi 2,500. Bungwelo linamupatsa mendulo yagolide mu 1828. Mendulo eya, koma umembala weniweni ayi. Mu 1835 iye ndi Mary Somerville, katswiri wa masamu, anapatsidwa umembala waulemu chabe, woti dzina lilipo koma voti ulibe.

Chifukwa chimene ankapereka nchoti chikalata chachifumu chija pofotokoza za mamembala chinkanena ngati kuti onse ndi amuna, ndiye maloya nkumati lamulo silikulola. Mu 1886 dzina la Isis Pogson, amene ankagwira ntchito pa malo oyezera zakuthambo ku Madras ku India, linaperekedwa koma linachotsedwa chifukwa cha mfundo yomweyo. Mu 1892 anayesanso ndi amayi atatu, Elizabeth Brown, Alice Everett ndi Annie Russell, ulendo uno zinafika mpaka pa voti, azibambo aja nkuwakana. Ine maganizo anga ngoti lamulo linali pobisalira chabe, chifukwa pamene anafuna kulisintha sizinawatengere nthawi, mu 1915 anapempha chikalata chowonjezera ndipo mu January 1916 amayi oyamba analowa, mmodzi mwa iwo Mary Blagg amene anagwira ntchito yotopetsa yolongosola maina a zigwa ndi mapiri a pa mwezi omwe anali osokonekera. Annie Russell uja, amene tsopano anali Annie Maunder, analowa chaka chomwecho, ndipo Pogson analowa mu 1920, patatha zaka 34 chimukanireni. Nthawi yonse yodikirayi ambiri a iwo ankapita ku British Astronomical Association, bungwe la okonda zakuthambo lomwe linayamba mu 1890 ndipo linkalandira akazi kuyambira tsiku loyamba.

Nambala imene imandipweteka mutu ndi iyi: kuchoka pa Caroline Herschel mu 1828, mayi wina wotsatira kulandira mendulo yagolide anali Vera Rubin mu 1996. Zaka 168. Rubin ndi amene anayeza mmene milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi, imazungulirira nkupeza kuti nyenyezi za m'mphepete zikuthamanga kwambiri kuposa mmene zinayenera kuthamangira, kusonyeza kuti kuli zinthu zambiri zosaoneka zimene zikuzikoka. Pulezidenti woyamba wamkazi anali Carole Jordan mu 1994, kenako Jocelyn Bell Burnell mu 2002, amene ali wophunzira ngati inuyo mu 1967 ku Cambridge anaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala ataliatali a telesikopu ya wailesi nkukakamira kuti si phokoso wamba, ndipo zinapezeka kuti ndi mtundu watsopano wa nyenyezi, ma pulsar. Mphoto ya Nobel ya 1974 pa ntchito imeneyo inapita kwa aphunzitsi ake, iye osatchulidwa.

Ndimagwira ntchito ya maboti ku Chembe. Mzungu wina anandiuza kuti Maclear amene dzina lake lili pa malo athu ano anali munthu wa nyenyezi osati mmishonale. Ananama?

Sananame bambo. Thomas Maclear anali dokotala wobadwira ku Ireland amene anatengeka ndi zakuthambo nkulowa bungwe lomwe tikukambali, kenako anasankhidwa mu 1833 kukayang'anira Royal Observatory ya ku Cape Town, ndipo anakhala pa udindowo mpaka 1870. David Livingstone anali mnzake. Maclear ndi amene anamunola pa kagwiritsidwe ntchito ka sextant, kachipangizo koyezera mmene dzuwa kapena nyenyezi yakwerera kumwamba, ndiye Livingstone akamayenda ankayeza usiku nkumatumiza manambala ku Cape Town kuti Maclear awawerengetsere ndi kupeza malo enieni pa mapu. Atayenda pa boti pa nyanja yathuyi mu 1861 anatcha malo anuwo Cape Maclear, dzina la mnzakeyo, pomuthokoza. Anthu a ku Chembe anali alipo kale ndi dzina lawo, zimenezo inu mukuzidziwa kuposa ine.

Pa wailesi ndinamva kuti Einstein anatchuka chifukwa cha kadamsana amene anaonekera ku Africa kuno. Zikugwirizana bwanji ndi bungweli? Komanso ngati ndi akatswiri onse, amakangananso? (Bambo wopuma pa ntchito, Chipata)

Bambo, funso lanu lili pawiri ndipo mbali zonse ziwiri zikukhudza munthu mmodzi, Arthur Eddington, amene ine ndimamulemekeza ndi kumukwiyira nthawi imodzi.

Nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse Eddington anali mlembi wa bungweli. Britain ndi Germany zinali pa nkhondo, asayansi a mbali ziwirizi samalemberana, ndipo ambiri ku London sankafuna kumva chilichonse chochokera ku Berlin. Koma Willem de Sitter wa ku Netherlands, dziko lomwe silinalowe nkhondoyo, anatumiza mapepala ofotokoza maganizo atsopano a Einstein pa za mphamvu yokoka, ndipo anafikira m'manja mwa Eddington, yemwe anali wa mpingo wa Quaker wokana nkhondo komanso mmodzi mwa anthu ochepa amene akanamvetsa masamu ake. Anawasindikiza mu Monthly Notices. Einstein ankati kuwala kwa nyenyezi kukamadutsa pafupi ndi dzuwa kumapindika pang'ono, ndipo anatchula ndi nambala yake, 1.75 arcsecond, kutanthauza kuti mutenge digiri imodzi muigawe ka 3,600 ndiye mutengepo tizigawo tosakwana tiwiri. Masamu akale a Isaac Newton wa ku England ankapereka theka la nambala imeneyo. Vuto ndi loti nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa simungazione masana, pokhapokha mwezi utaphimba dzuwa lonse.

Kadamsana woyenera anali wa pa 29 May 1919. Komiti ya Royal Society ndi Royal Astronomical Society pamodzi, motsogozedwa ndi Frank Dyson, inatumiza magulu awiri, lina ku Sobral ku Brazil, lina ku chilumba cha Príncipe kunyanja ya kumadzulo kwa Africa, komwe kunapita Eddington mwini. Tsikulo ku Príncipe kunacha ndi chimvula, mitambo inayamba kung'ambika kadamsana atayandikira, iye anangojambula mwachikhulupiriro zithunzi 16 ndipo ziwiri zokha ndi zomwe zinaonetsa nyenyezi zokwanira kuyeza. Za ku Sobral zinatuluka bwinopo pa telesikopu yaing'ono, pamene za pa yaikulu zinasokonekera. Pa 6 November 1919 mabungwe awiriwa anakhala pamodzi ku Burlington House nkulengeza kuti manambala akugwirizana ndi Einstein, ndipo kutacha nyuzipepala zinali zitamutenga munthuyo nkumuika pa tsamba, kutchuka kwake kunayambira pomwepo. Pasanathe nkomwe chaka chathunthu nkhondo itatha, Angerezi anavomereza poyera kuti munthu wa ku Berlin wakonza Newton wawo. Mendulo yagolide anadzamupatsa mu 1926.

Tsono mbali yachiwiri. Eddington yemweyo, atakhala bwana wamkulu woti akalankhula aliyense amangogwedeza mutu, anachita chinthu choipa mu holo ya bungweli pa 11 January 1935. Mnyamata wa ku India, Subrahmanyan Chandrasekhar, wa zaka 24, anaimirira kufotokoza zimene anayamba kuziwerengetsera ali mu sitima popita ku England mu 1930, zoti nyenyezi ikatha mafuta nkufota, pali malire a kulemera kwake, pafupifupi kuchulukitsa dzuwa lathu ka 1.4, ndipo ikapitirira pamenepo singathe kudzigwira, imangogwera mkati mwake osaima. Eddington ankadziwa bwino zimene mnyamatayo adzanene chifukwa ankamuyendera ku Cambridge nkumaona ntchito yake, koma sanamuchenjeze, anangodikira amalize nkuimirira kuseka mfundo yonseyo pamaso pa anthu kuti chilengedwe sichingalole zopusa zotero. Anthu anaseka naye, ndipo mnyamatayo sanapatsidwe mpata woyankha. Akatswiri ena a physics ankavomereza kumbali kuti masamu ake ali bwino koma sanafune kulimbana ndi mkuluyo poyera. Chandrasekhar anasamukira ku Chicago mu 1937 nkuyamba kufufuza zina. Anali wolondola ndi iye, malire amenewo lero amatchedwa ndi dzina lake ndipo ndi khomo lolowera ku nkhani ya ma black hole, malo akuthambo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawemo. Bungwelo linamupatsa mendulo yagolide mu 1953, Nobel inabwera mu 1983.

Ndiye eya bambo, amakangana, ndipo nthawi zina wamkulu amapondereza wamng'ono ngati kwina kulikonse. Chomwe chinamupulumutsa Chandrasekhar nchoti mapepala ake anasindikizidwabe mu Monthly Notices momwemo, masamu onse ali poyera, moti amene anabwera pambuyo anatha kuwerengetsera okha. Mkangano wina wotchuka unali wa Neptune mu 1846, pamene Urbain Le Verrier wa ku France ndi John Couch Adams wa ku England onse anawerengetsera pomwe pulaneti yosadziwika ingapezeke, Johann Galle nkuiona ku Berlin potsatira manambala a Le Verrier. Bungwelo linalephera kugwirizana kuti mendulo ipite kwa ndani moti m'chaka cha 1847 sanapereke kwa aliyense.

Ine ndilibe digiri koma ndimakonda kuyang'ana kumwamba, ndili ndi ma binoculars amene ndinagula pa kaunjika. Munthu ngati ine, wa ku Mzimba, angalowe?

Mphwanga, pa lamulo palibe chokuletsa. Zilembo za FRAS zija si digiri ndipo palibe mayeso, ngakhale ena amaziika pa khadi ngati kuti ndi udokotala. Munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba amene ali ndi chidwi chenicheni atha kufunsira, pamafunika woti akuchitire umboni, khonsolo yawo ivomereze, kenako uzilipira chaka ndi chaka. Mamembala alipo pafupifupi 4,000 ndipo gawo ndithu la iwo lili kunja kwa Britain, ena si a zakuthambo nkomwe koma ofufuza za mkati mwa dziko lathu lomweli, zivomezi ndi zina zotero, omwe ali ndi magazini yawoyawo ya Geophysical Journal International pansi pa bungwe lomweli.

Koma kunena zoona ine sindingakulangize kuti uyambire pamenepo, chifukwa ndalamayo ndi ya mapaundi ndipo phindu lalikulu la umembala, monga misonkhano ya Lachisanu lachiwiri la mwezi ndi laibulale ija, lili ku London. Zimene zingakuthandize ndi zaulere. Kuyambira 2024 mapepala atsopano a Monthly Notices aliyense atha kuwerenga pa intaneti osalipira, ngakhale ndikuchenjeze kuti masamu ake ndi olimba, ndipo nkhani zambiri zimene amakamba kwa anthu wamba amaziika pa YouTube, bola bandulo. Kufupi kuno kuli Astronomical Society of Southern Africa, imene inayamba mu 1922 ndipo imalandira anthu ongokonda ngati iweyo, komanso African Astronomical Society ya Africa yonse. Mu August 2024 msonkhano waukulu wa International Astronomical Union unachitikira ku Cape Town, koyamba pa nthaka ya Africa.

Ma binoculars akowo usawaderere, koma usadzayerekeze kuloza nawo dzuwa ngakhale pa kadamsana, diso limapsa nthawi yomweyo. Usiku wopanda mwezi mu June kapena July tuluka kunja kwa mudzi, tsamiritsa zigongono pa chinthu cholimba kuti manja asanjenjemere, uyang'ane kum'mwera upeze nyenyezi zinayi zija zopanga mtanda ndi ziwiri zowala zimene zimaulozera. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, imene Thomas Henderson anaiyeza ali ku Cape Town mu 1832 ndi 1833, Maclear asanabwere, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kufike kuno. Jupiter akakhala kumwamba muyang'anenso, uona timadontho mpaka tinayi m'mbali mwake, imeneyo ndi miyezi yake. Ujambule m'kope pomwe tili, ulembe tsiku ndi nthawi, mawa lake ujambulenso, upeza tasuntha.